Bawuti mu paipi ya cruise control: Discovery yakale imene inakana kumvera buleki

Galimotoyi inafika pa galaja pathu mwezi wa Okutobala, nthawi ija dzuwa la Salima limawotcha moti spana ukaisiya pa boneti kuti uitole umachita kufunira kansanza. Land Rover Discovery yoyamba ija, ya 1996, injini ya petulo V8 3.9, giya ya otomatiki. Eni ake ndi bambo achikulire opuma ntchito, amakhala cha ku Senga Bay, ndipo pa mwezi amapita ku Lilongwe kawiri pena katatu. Bondo lawo lakumanja limavuta, nde ulendo wa makilomita oposa 100 phazi lili pa moto osapumula kwa iwowo ndi chilango, cruise control, sistimu yosunga liwiro la galimoto phazi lisali pa moto, imene ambirife timaiona ngati zamanyado iwo amaidalira zenizeni.

Anatsika asanazimitse n'komwe injini. "Amakaniko, galimoto iyi dzulo inafuna kundipalamulitsa." Ndinawapatsa mpando pansi pa mtengo n'kuwauza kuti madala fotokozani kuyambira pachiyambi, musadumphe kanthu.

Akuti amachokera ku Lilongwe, cruise ili yotchera, ndipo atayandikira pa Chezi wakabaza analowa mumsewu. Iwo anagunda buleki pang'ono monga amachitira masiku onse, koma m'malo mosiya moto galimoto ija inachita ngati ikuwonjezera, injini kulira, buleki ikukoka kwake injini ikukoka kwake. Mpaka ataponda mwamphamvu mpamene inasiya. Palibe anavulala koma akuti anaima pambali manja akunjenjemera.

Nditawafunsa za m'mbuyo ndi pomwe nkhani inayamba kumveka. Miyezi ingapo izi zisanachitike cruise inkagwira bwino pamalo osalala, koma ikafika pa zitunda za ku Mvera liwiro limatsika pang'onopang'ono mpaka iwo aponde okha. Kenako inayamba kuchedwa kugwira akadina SET, batani lotcherera liwiro. Kenako zii. Anapita nayo pa galaja ina, osati kuno, ndipo anyamata a pamenepo anaikonza ola lisanathe, ndalama yochepa, cruise n'kuyamba kugwira mwamphamvu kuposa kale. Mawu oti "kuposa kale" ndi "ola lisanathe" amenewo ndi amene anandipatsa chikaiko, chifukwa paipi imene imavuta kwambiri pa galimoto zimenezi kuti uisinthe bwinobwino umagona chagada pansi pa chiwongolero kwa nthawi ndithu.

Kwa amene simunakumanepo nayo, sistimu iyi ndi ya Hella ndipo si yovuta. Pali kapampu ka magetsi kamene kamayamwa mpweya, pali actuator, imene ine ndimangoitcha kamvukuto chifukwa ndi mphira wopindikapindika ngati mvukuto wa osula makasu, ndipo pampu ikayamwa mpweya kamvukutoko kamafinyika n'kukoka throttle, kachitseko kolowetsa mpweya mu injini kamene pedalo ya moto imatsegula. Pakati pawo pali ka T ka pulasitiki, ndipo nthambi yachitatu ya ka T imeneyo ndi paipi yaitali imene imaboola chitsulo cholekanitsa injini ndi mkati n'kukathera pa kavalavu kali pamwamba pa pedalo ya buleki. Phazi lisali pa buleki pedalo imakanikiza kamutu ka valavu nde imakhala yotseka. Mukangogunda buleki kamutu kaja kamamasuka, mpweya wakunja umalowa, kamvukuto kamafufuma, throttle n'kubwerera. ECU, kakompyuta kolamulira cruise, nayonso imamva kudzera ku swichi ya magetsi a buleki n'kuzimitsa pampu. Ndiye kuti alonda ndi awiri, wina wa magetsi wina wa mpweya, wina akagona mnzake amagwira ntchito.

Apa pali chinthu chimene chimasokoneza anthu. Vacuum ya cruise, kutanthauza mphamvu yoyamwa mpweya ija, pa Discovery iyi sichokera ku injini, ili ndi pampu yakeyake. Pa Jeep Cherokee yakale ndi zosiyana, kumeneko imachokeradi ku manifold, njira yolowera mpweya mu injini, ndipo pali kathanki kosungira vacuum kuseri kwa bampala yakutsogolo. Discovery ya dizilo ya Td5 ilibe mapaipi amenewa n'komwe chifukwa moto wake ndi wa waya, ECU ya injini imachita yokha zonse. Nde musatenge nzeru za galimoto ina kubwera nazo apa. Paipi ya cruise ikang'ambika pa V8 imeneyi injini siisintha kaliridwe ngakhale pang'ono, idling imakhala bwinobwino, n'chifukwa chake kumvetsera ndi khutu kapena kupopera mankhwala otsukira kabuleta m'mapaipi sikukuthandizani.

Tinatsegula boneti. Mapaipi akuda ang'onoang'ono pa injini imeneyi ndi ambiri ndipo onse atadzola fumbi amafanana. Ndinamuuza mnyamata wanga kuti tisazule chilichonse tisanadziwe kuti ndi chani, tiyambe tachotsa pa mndandanda amene sali a cruise. Yaikulu yolimba yochokera ku manifold kupita ku servo ndi ya mabuleki, imeneyo osaigwira. Kakang'ono kopita pa regulator ya mafuta ndi ka injini. Kena kopita pa distributor ndi ka advance. Njira yachidule ndi kuyambira pa kamvukuto, chifukwa kamaonekera pafupi ndi throttle ndipo kali ndi paipi imodzi yokha, n'kuitsatira ndi zala osati ndi maso. Paipi iliyonse tinaimata kapepala ka tepi n'kulembapo, tinajambulanso ndi foni tisanakhudze.

Zala zitafika pa ka T ndinapeza nthambi ziwiri zili m'malo mwake, yachitatu inali kachidutswa ka paipi kotalika ngati chala, kumapeto kwake atalowetsamo bawuti ya 10 n'kumanga ndi kawaya ka kopa. Ntchito yaudongo ndithu, munthu anaikirapo mtima. Paipi yeniyeni yopita ku buleki inali ikungolendewera kuseri kwa injini, yodulidwa ndi mpeni.

Ndinawaitana madala aja kuti aone okha. Anayang'ana n'kufunsa kuti, "Ndiye kabawuti kameneka n'kamene kakuvuta? Si kamene kanakonza?" Ndipo kunena zoona onse awiri ndi mayankho olondola. Bawuti inatseka podutsira mpweya, cruise n'kuyamba kugwira, koma inachotsanso mlonda mmodzi pa ntchito.

Komabe bawuti yokha sinkafotokoza za pa Chezi. Mlonda wa magetsi anali kuti? Ndinamuimika mnyamata kumbuyo kwa galimoto ine n'kumakanikiza pedalo ndi dzanja pang'onopang'ono. Pedalo inatsika, inatsikanso, mabuleki ayamba kale kugwira, kumbuyo kuli chete. Itatsala pang'ono kufika pakati mpamene anakuwa kuti zayaka. Tinabwereza kangapo, pena zimayaka msanga pena mochedwa. Swichi inali yotha. Nde onani mmene zinalumikizirana: madala agunda buleki mopepuka, magetsi sanayake, ECU sikudziwa kuti munthu waponda, ikungoona liwiro likutsika nde ikuchita ntchito yake yowonjezera moto kuti libwerere pomwe analitchera. Kukanakhala kuti paipi ija inali yolumikiza, valavu ikanaphwetsa zonse pomwepo ngakhale swichi itagona. Komanso taganizirani kuti nthawi yonseyi galimoto imayenda magetsi a buleki akuchedwa kuyaka, ma minibasi akuitsata pambuyo, cruise kapena popanda cruise limenelo linali vuto palokha.

Nditagona pansi pa chiwongolero ndi tochi ndinapezanso china. Kavalavu kaja anakachotsa pa bulaketi yake n'kukakulunga ndi tepi yakuda kamutu kali kokanikizidwa, n'kukapachika pa mawaya. Mmene ndikuonera ine, mnzathuyo anayamba wakaikira valavu, anaimanga, cruise sinagwirebe, nde anapita ku ka T n'kukatseka nthambi yonse, itagwira basi anatseka boneti. Sindikumunyoza kwambiri ayi, kuganiza kwake kunali kolondola mpaka pakati. Kutseka nthambi imeneyo ndi njira yabwino yoyezera, nanenso ndimachita, umatseka kuti udziwe ngati kuboola kuli mbali ya buleki. Kulakwa kwake n'koti chida choyezera anachisandutsa chokonzera n'kumupatsa kasitomala makiyi.

Bowo lenileni tinalipeza titasolola paipi yakale. Kunja inkaoneka yabwino, mkati mwa galimoto inalinso yofewa ngati yatsopano, koma pamene imadutsa pa kamphira ka pabowo la chitsulo chija, mbali ya injini, inali youma ngati chikuni ndipo nditangoipinda inayasama mng'alu wautali ngati chikhadabo. Malo amenewo amalandira kutentha kwa injini, V8 imeneyi pansi pa boneti ndi uvuni, kuphatikiza kugwedezeka kwa misewu yathuyi. Mng'alu umayamba waung'ono, pampu imakwanitsabe kuyamwa kuposa mpweya umene ukulowa, n'chifukwa chake pamalo osalala cruise imagwira, koma pa chitunda pamene pakufunika kukoka throttle kwambiri imagonja. Mbiri imene madala anafotokoza inagwirizana ndendende ndi zimene zinali m'manja mwangamo.

Tisanaitanitse chilichonse ndinafuna kudziwa kuti zina zonse zili moyo, kuopa kumugulitsa munthu zinthu kawiri. Kamvukuto ndinakayeza mwachikale, kukafinya ndi dzanja, kutseka kamlomo kake ndi chala chachikulu n'kukasiya. Kakakhala kofinyika ndiye kuti n'kabwino, kakayamba kufufuma kokha kaboola. Aka kanakhala phee kwa mphindi yathunthu ngakhale m'mapindo mwake munayamba kuoneka timizere ta ukalamba. Valavu ndinaiyeza ndi pakamwa, kuyamwa kudzera pa kachidutswa ka paipi koyera n'kutseka ndi lilime, kamutu kali kokanikiza lilime limamatirira, ukasiya kamutu limamasuka. Inali yabwinobwino, anaimanga tepi yosalakwa. Amene muli ndi pampu ya m'manja yokhala ndi geji gwiritsani imeneyo, sirinji yaikulu imathandizanso, ine pakamwa ndinazolowera koma pukutani kaye, kukoma kwa paipi ya zaka zambiri sikuchoka msanga.

Pampu ili ndi mawaya atatu, wina wobweretsa moto, wina ethi (negetivu) ya mota, wina ethi ya kavalavu kamkati. Tinazula pulagi yake kuti tisabweze moto ku ECU, kiyi ali mthumba, injini yozima, n'kuipatsa moto kuchokera ku batire. Onani kaye dayagilamu musanalumikize, osangolota. Ma ethi onse awiri atalumikizidwa pampu inalira kamvukuto n'kukoka mpaka kumapeto, titachotsa wa mota kanagwira pomwepo, titachotsa wa valavu kanabwerera. Ndikubwereza, injini yozima. Kuyeza kumeneku kumatsegula throttle yonse, injini ikakhala ikulira mudzathawa galaja.

Apa panabuka kukangana pang'ono. Ine ndinati galimoto ituluka cruise ili yozula pulagi mpaka paipi yoyenera ndi swichi zifike kuchokera ku Lilongwe, ndipo swichi yakaleyo ndaikankhira pafupi kuti magetsi aziyaka msanga koma sindikuikhulupirira. Madala anali ndi ulendo Lachinayi. Anati, "Mwana wanga, ndayenda nayo miyezi iwiri ili choncho, bwezeretsa kabawutiko ndizingoponda mwamphamvu." Ndinawayankha kuti bambo, galimoto ndi yanu koma bawuti imeneyi ndi dzanja langa sindiibwezeramo, tsiku lina pa msewupo padzakhala mwana wa sukulu. Anakhala chete, kenako anati chabwino apita ndi mdzukulu wawo aziyendetsa. Sanasangalale, ndinaona.

Tsopano kulakwa kwanga. Chifukwa chowamvera chisoni ndinaganiza zoyesa paipi imene inalipo pa shelefu, yofewa ija ya madzi otsukira galasi, kukula kwa bowo kunali kofanana. Tinaiyika m'mawa, tinayeza galimoto ili poima, pampu kukoka, kugunda buleki, psii, kamvukuto kubwerera nthawi yomweyo. Ndinatsala pang'ono kuwaimbira foni kuti bwerani mudzatenge. Mwayi wake panali ntchito ina pa galimoto yomweyo, tinaisiya ikulira nthawi yaitali tikuona za kutentha kwa injini, nde cha m'ma 1 koloko nditazimitsa ndinati tibwereze. Pampu inakoka, ndinagunda buleki, ndipo kamvukuto kanabwerera mwaulesi ngati munthu wodzuka kutulo. Kuyang'ana paipi ija pafupi ndi injini, yaphwatalala ngati lamba, makoma ake amatirirana. Itatenthedwa inafewa, vacuum n'kuifinya. Kunena mosabisa ndinali nditapanganso bawuti ina, yosaoneka, imene imabwera pokhapokha injini yatentha, nthawi yeniyeni imene munthu ali pa msewu. Ndinaizula pomwepo.

Paipi ya vacuum imakhala ya khoma lokhuthala, ya mphira kapena silicone, ukaifinya ndi zala imakana. Yoonekera mkati ija amayezera levulo amisiri omanga, ya madzi a galasi, ya dripu, zonsezo ayi. Ndinatumiza kachidutswa ka paipi yakale ndi ka T komwe kwa munthu wanga ku Malangalanga kuti akayeze pomwepo, chifukwa ukangotchula saizi pa foni chimene chimabwera pa minibasi chimakhala china. Ndinaitanitsa yokwanira nthambi zonse zitatu. Zinazo zinali zisanang'ambike koma ndi za msinkhu umodzi, kusintha imodzi n'kusiya ziwiri ndi kuitana kasitomala kuti abwerenso mwezi wamawa atakwiya.

Tsiku loika panachitika kanthu kena koti ndikatchule. Ndili mkati ndikulimbana ndi kulowetsa paipi pa bowo, mnyamata wanga anaona kamlomo kena pa plenum, bokosi la mpweya la pamwamba pa injini, kotsekedwa ndi kachipewa ka mphira n'kuganiza kuti paipi ya cruise kwawo ndi kumeneko, sinanga wamva ndikuti vacuum vacuum. Ndinatuluka ali kale ndi kachipewako m'manja. Akanalumikiza pamenepo, kungoliza injini vacuum ya manifold ikanakoka kamvukuto throttle n'kutseguka popanda wolamula. Sindinamukalipire, ndinamutengera pa pampu n'kumuyendetsa zala kuchokera pamenepo kufika pa ka T, pa kamvukuto, pa buleki, kuti aone kuti njira imeneyi siikhudza injini paliponse.

Polowetsa paipi yatsopano njira yosavuta ndi kuilumikiza ku yakale ndi kamtengo kapena kabawuti kopanda mutu n'kukoka kuchokera mkati, koma ife yakale tinali titasolola kale nde tinagwiritsa waya wolimba ndi madzi a sopo. Girisi kapena oilo ayi, zimadya mphira. Kamphira ka pabowo tinakabwezera bwino kuti chitsulo chisacheke paipi, tinaidutsitsa kutali ndi ekizozi, popanda kona yakuthwa, n'kuimanga momasuka kuti injini ikamagwedezeka isamakoke. Valavu inabwerera pa bulaketi, tinaitchera kuti pedalo ili m'mwamba izitseka ndithu koma kungogunda pang'ono itseguke. Mukaikankhira mkati mopitirira imatha kugwira pedalo osabwerera mpaka pamwamba mabuleki n'kumakhuza, mukaisiya kutali imakhala ikuba mpweya cruise osagwira. Swichi yatsopano nayo chimodzimodzi, magetsi aziyaka mabuleki asanayambe kugwira.

Alonda awiriwa tinawayeza aliyense payekha, chifukwa pa msewu simungadziwe kuti wazimitsa cruise ndi ndani. Wa mpweya, injini yozima koma yotentha, pampu pa batire, ECU kulibe, kugunda buleki ndi chala chimodzi, psii. Tinabwereza kakhumi. Wa magetsi, munthu kumbuyo kuyang'ana mababu onse. Kenako msewu. Cruise imeneyi siigwira pansi pa liwiro la pafupifupi 45 km/h nde m'tauni musavutike. Tinadutsa pa Kamuzu Road, pa Kaphatenga n'kulowera msewu wa Lilongwe, nthawi ya masana anthu atachepa, madala ali pambali panga. Inagwira nditangodina, batani la RES linabwezera liwiro lija, buleki ya nsonga ya nsapato inasiya moto nthawi yomweyo, swichi yaikulu ya pa dashibodi nayonso inazimitsa. Pa chitunda choyamba liwiro silinatsike. Pobwerera anayendetsa okha ndipo anagunda buleki kasanu kapena kasanu n'kamodzi popanda chifukwa, kungofuna kumva.

Ndinawauzanso maganizo anga, kuti cruise pa misewu yathu ndi ya malo ochepa. Msewu wa M5 wopita ku Nkhotakota uli ndi mbuzi, makabaza, maenje ndi misika ya m'mbali mwa msewu, phazi lizikhala pafupi ndi buleki ndipo akamayandikira pa trading centre azimitse okha osadikira kuti china chiwakakamize. Anaseka n'kunena kuti bondo ndi lawo.

Anabweranso mu Januwale mvula ili mkati, cruise yasiyanso. Mtima unagunda kuganiza kuti paipi zanga zija, koma zinali bwinobwino, kamvukuto kakugwira, valavu ikuphwetsa. Vuto linali pulagi ya pampu, inachita dzimbiri lobiriwira chifukwa cha madzi amatope a msewu wa kumunda kwawo. Tinatsuka, tinapaka mafuta oteteza mapulagi, inagwira. Timizere tija ta pa kamvukuto takula pang'ono, ndawauza kuti ayambe kufunafuna kena, kaya kwa ophwasula magalimoto kaya kuitanitsa kunja, ndipo kakadzaboola asalole munthu kukamata ndi supagulu. Mpaka pano sikanapezeke, akubwera kumapeto kwa mwezi uno kudzasintha oilo nde tidzakafinyanso tione.